Mawu Anga mu Nyimbo ya Mwamuna Wina

Nyimbo ija ndinayamba kuimva ndili ku saluni, mutu uli m'beseni, maso nditatsinzina kuopa thovu. Kulira kwa gitala koyambirira kuja ndinakudziwa nthawi yomweyo, chifukwa tsiku limene ankakujambula ndinali pomwepo. Mawu a mkazi amene analowa pambuyo pake anali anga. Koma pamene pankayenera kuyankha Kachipewa, panayankha mwamuna wina wa mawu okhuthala, otsetsereka ngati awapaka mafuta.

Ndinadzutsa mutu madzi akuyenderera m'khosi. Mtsikana amene ankanditsukayo anandibweza m'beseni ndi dzanja limodzi, n'kuuza mnzake kuti akweze sipika. Anati nyimboyo ndi ya a Masuti, aja oyendetsa mwambo pa maukwati, ndipo yavuta tauni yonse. Mkazi woyimba nawoyo palibe akumudziwa, koma aliyense akuti ndi amene a Masuti akufuna kumanga naye banja.

"Mwayi uli ndi eni ake," anatero akundikanda m'mutu. "Ife tizingotsuka mitu ya anthu."

Ndinangogwira thaulo mwamphamvu.

Nyimbo imeneyo inali ya chibwenzi changa. Anthu amamutchula kuti Kachipewa chifukwa cha kachipewa kakuda kamene sikachoka kumutu kwake, ndipo anzake amati ngakhale kometetsa amangomumeta mozungulira. Amayimba gitala komanso kuphunzitsa ena. Chimbale chake choyamba anachijambulira m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya achimwene ake, ka makoma okhomerera matiresi akale ndi mathileyi a mazira kuti phokoso la mumsewu lisalowe.

Atachimaliza sanachigulitse. Anachiika pa intaneti mwaulere, ndi chilolezo chonena kuti aliyense atha kutsitsa nyimbozo, kugawira anzake, kuzisintha ngakhale kuyimbapo zake, bola atchule amene anazipeka. Anaikanso zidutswa za nyimbo iliyonse pazokha, gitala payekha, ng'oma pazokha, mawu paokha, kuti wofuna kusakaniza asavutike. Ankati iye alibe mkulu wa pa wailesi womudziwa, choncho njira yake ndi yoti anthu azipatsirana okha.

Ine ndinayimba nawo nyimbo imodzi yokha, ya mkazi ndi mwamuna oyankhizana. Asanaiike anandikhazika pansi n'kundifotokozera zonse, mpaka kundiuza kuti chilolezo choterechi ukapereka sulandanso. Ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe. Ndinangopempha kuti dzina langa lisalembedwe, chifukwa cha mayi.

Mayi anatilera okha, ine ndi achemwali anga, bambo atamwalira. Kachipewa anamuona kamodzi kokha n'kukwana naye. Tsiku limenelo anavula kachipewa kake n'kukapanira m'manja, ndipo ine ndi pamene ndinauona bwinobwino mutu wake. Mayi anamufunsa kuti nyimbo zake zimagulitsidwa kuti. Iye anayankha monyadira kuti sizigulitsidwa, n'zaulere. Mayi anati mwamuna wogawira anthu odutsa thukuta lake, tsiku lina adzamupeza atagawa mipando ya mwana wawo. Kuchokera pamenepo dzina lotchulidwa m'nyumba mwathu linali la a Masuti, mwana wa mnzawo wa mayi wa ku kwaya, munthu wa galimoto ndi masuti osabwereza. Anali atandifunsirapo kale, ine n'kuwakana mwaulemu.

*

Nditatuluka mu saluni ndinaima pakhonde la sitolo ina n'kuisaka nyimboyo pa foni. Sinavute kupeza. Chithunzi chake chinali cha a Masuti atakhala patebulo la anthu awiri, mpando winawo uli wopanda munthu. M'munsi mwake analemba zonse bwinobwino, kuti nyimboyo yachokera pa chimbale cha Kachipewa, mwa chilolezo chaulere. Panalibe chobisa.

Ndinaimvera yonse foni ili pakhutu. Chakumapeto zing'wenyeng'wenye zinatsika, ndipo ndinadzimva ndikulankhula, osati kuyimba:

"Usaope za mayi. Ine ndinasankha kale. Tsiku limene udzabwere, chitseko ndidzakutsegulira ndine."

Mawu amenewo sanali a mu nyimbo. Ndinawanena tsiku limene mayi anamunyoza Kachipewa, ndili m'bafa nditatsegula mpope kuti asandimve, n'kumutumizira ngati uthenga wa mawu. Ngakhale madzi a pampope aja ankamveka, kungoti a Masuti anawakonza mpaka kumamveka ngati mvula.

Foni inanjenjemera m'manja. Anali Kachipewa.

"Wamva?"

"Ndamva," ndinalemba.

"Mpaka kumapeto?"

Ndinalemba kuti ndikubwera. Anawerenga, osayankha.

*

Ndinamupeza atakhala pa sipika yaikulu, gitala atamugoneka pansi chafufumimba, zimene sachita. Sananditenge chikwama m'manja monga mwa nthawi zonse. Anangondikankhira mpando ndi phazi.

Anandiuza kuti m'mawa mnzake atamuimbira foni kuti munthu wotchuka wagwiritsa ntchito nyimbo yake, anavina yekha m'kachipindamo. Zimenezi ndi zimene ankafuna kuyambira pachiyambi. Anthu amene sanamumvepo anayamba kubwera pa tsamba lake la pa intaneti kudzatsitsa chimbale chonse. Ngakhale atazindikira kuti ndi a Masuti, anadziuza kuti chilolezo sichisankha nkhope. Anaimvera nyimboyo akugwedeza mutu mpaka pamene ine ndinayamba kulankhula.

"Uthenga umenewu unali m'mafoni awiri," anatero. "Yanga ndi yako."

Ndinati mwina anauika pamodzi ndi zidutswa zija mosadziwa. Anatembenuzira kompyuta kwa ine n'kutsegula chidutswa chimodzichimodzi, ine ndikumvera. Munali gitala, ng'oma, mawu ake, mawu anga oyimba. Uthenga uja munalibe.

"Mwa ine sunatulukemo," anatero.

"Mwa inenso sunatulukemo."

"Ndiye kuti unawanena kawiri. Kwa ine, kenako kwa iye."

Ndinamuuza kuti amvetsere madziwo, kuti ndi mpope womwe uja, tsiku lomwe lija. Anati mipope ili m'nyumba zambiri. Kenako anabisa nkhope m'manja n'kunena kuti sakudziwa chimene akulankhula, ndimukhululukire, koma mutu wake sukugwira. Patangopita kanthawi anandifunsanso ngati a Masuti akadali ndi nambala yanga.

Ndinamuuza kuti afufute nyimboyo pompano, yake ndi ya a Masuti yomwe. Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. Anati yake atha kuichotsa pa tsamba lake, koma ili kale m'mafoni a anthu, ndipo aliyense ali ndi ufulu woiikanso. Ya a Masuti sangaikhudze, chifukwa iye mwini ndi amene anawalola, monga analolera dziko lonse.

"Si iwe unati aliyense atenge?" ndinatero.

"Ndinati atenge nyimbo. Sindinati atenge iwe."

Kenako anandifotokozera kuti pali chinthu chimodzi chokha chimene a Masuti analakwitsa. Uthenga wa mawu uja sunali pa chimbale, choncho chilolezo sichiukhudza. Tikadandaula kwa eni tsamba limene aikapo nyimboyo, atha kuichotsa. Koma wodandaulayo ayenera kukhala mwini mawuwo, ndipo ayenera kudzitchula.

Ndinaganiza za mayi, za anzawo a ku kwaya, za malume. Ndinachedwa kuyankha. Kachipewa anandiyang'ana nthawi yonse imene ndinali chete, ndipo ndinaona kuti kuchedwa kwangako wakumva mwina.

"Pita ukaganize," anatero, akudzutsa gitala pansi. Sanandiperekeze.

*

Kunyumba ndinapeza mayi akuyimba. Anali akupukuta magalasi a kabati ya pabalaza, amene amapukutidwa kukamabwera alendo okha, ndipo nyimbo imene ankaing'ung'udza inali yomweyo.

Anati mayi awo a Masuti anabwera masana ndi foni yawo. Mkazi wa mu nyimboyo atangoyamba kuyimba, iwo anadziwa. Anati mwana amene unamumva akulira tsiku lobadwa sungasokoneze mawu ake ndi a wina. Anandikoka tsaya ngati mwana wamng'ono n'kundifunsa chifukwa chimene ndinkabisira.

"Komanso iwe, 'usaope za mayi' ndiye kuti chiyani? Ine ndine chilombo? Mnyamata ameneyu ndakhala ndikumutchula m'nyumba muno mpaka lilime kutopa."

Ndinawapempha kuti akhale pansi. Ndinawauza kuti mawuwo ndi anga, koma sindinayimbe ndi a Masuti. Nyimboyo ndi ya Kachipewa, ndipo ndinayimba ndi iyeyo. Nkhope ya mayi inasintha pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti a Masuti anaba?"

"Ayi, mayi. Analoledwa."

"Anawalola ndani?"

"Kachipewa."

"Anakambirana?"

"Sanakambirane. Iye analola aliyense."

Mayi anaika kansalu kopukutira kaja pamwendo n'kukapinda kawiri. Anafunsa ngati mnyamatayo ankadziwa kuti mwamuna aliyense atha kuchotsa mawu ake n'kuikapo ake, pambali pa mawu anga. Ndinati ankadziwa, ndipo inenso ndinkadziwa, koma sitinaganize kuti zingachitike motere.

"Ndiye ine sindikuona pamene pali mlandu," anatero. "Wakupereka yekha, wina walandira."

Ndinayesa kufotokoza za uthenga uja, kuti unali wa Kachipewa, kuti wina anautenga mobisa. Pamenepo mayi anakwiya kwenikweni, koma osati ndi amene anautenga. Anati ndiye kuti ndinkalonjeza mwamuna kuti ndidzamutsegulira chitseko cha nyumba yawo, iwo atakana. Anati chitseko chimenecho anagula ndi bambo anga. Kenako mkwiyo unawathera mwadzidzidzi, n'kunena kuti mwina ndasokonezeka chabe ndi manyazi, kuti atsikana ambiri amatero nkhani ikaululika. Anandiuza kuti kwaya yonse yadziwa kale, ndipo iwo sangabwerere kukauza anthu kuti mwana wawo ankanena kwa wina.

Achemwali anali ataima pakhomo la kukhitchini, akupukuta mbale. Ndinawayang'ana kuti andithandize. Anangotembenuka n'kulowa mkati.

*

M'mawa mwake sindinapite ku ntchito. Ndinapita kukawafuna a Masuti, ndipo ndinawapeza mu holo ina imene ankaikonzera ukwati wa anthu ena. Azimayi ankamanga nsalu zoyera pamipando, maluwa ali mbwee pansi. Iwo anali kutsogolo akuyesa maikolofoni, atavala suti yotuwa, nthawi ya m'mawa ngati imeneyo.

Atandiona anazimitsa maikolofoni n'kutsika. Anandilandira ngati ankandiyembekezera, n'kundikokera mpando umodzi womangidwa kale nsalu. Ndinakana kukhala.

Ndinawauza kuti achotse nyimboyo. Anandimvera mpaka kumapeto osandidula. Kenako anati iwo sanabe kanthu, ndipo dzina la mnyamatayo analilemba poonekera. Anati anamuchitira zabwino, chifukwa tsopano anthu akumudziwa. Anawonjezera kuti gitala wake ndi wokoma, zimenezo sangatsutse, kungoti mawu ake ndi opyapyala pa nyimbo yofuna mwamuna.

"Nanga mawu akumapeto aja munawatenga kuti?" ndinafunsa.

Anandiyang'ana modabwa. Anati anawalandira kuchokera kwathu, kwa munthu amene anawauza kuti ndinawajambulira iwowo, koma ndinkachita manyazi kutumiza. Anati anawamvera kambirimbiri ali okha m'galimoto. Ndi mawu amenewo amene anawachititsa kufufuza ngati ndinayimbapo penapake, mpaka kuipeza nyimbo ija.

"Ine ndimayesa mumanena kwa ine," anatero motsitsa mawu.

Ndinalephera kudziwa ngati ankanama. Munthu ameneyu ntchito yake ndi kuliritsa anthu pa maukwati a anthu osawadziwa, ndipo nkhope yake amaidziwa kuiyendetsa. Koma khosi lawo linali kugunda pamwamba pa kolala, ndipo maikolofoni ija ankangoisinthasintha m'manja.

Ndinawauza mosapita m'mbali kuti mawuwo sanali awo, ndipo sadzakhala awo. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anati amva. Koma anati nyimboyo yapita kale patali, maukwati angapo aipempha, ndipo abale awo ayamba kale kukambirana zokaonana ndi malume anga. Zonsezi sizingaime lero lomwe. Anandipempha kuti ndiwapatse nthawi, ndipo inenso ndidzipatse nthawi, chifukwa munthu atha kunena mawu kwa wolakwika n'kumvedwa ndi woyenera.

Ndinafunsa dzina la amene anawatumizira uthengawo. Anati analonjeza kuti sadzaulula, koma nyumba yathu si yaikulu. Ndikutembenuka kuti ndizipita, anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri n'kupepesa ngati andipweteka. Ndinalichotsa n'kutuluka, azimayi a nsalu aja akundiyang'ana.

*

Achemwali ndinawapeza akusita kuchipinda. Mayi anali atapita ku kwaya. Ndinatseka chitseko n'kuima chotsamira.

Nditawafunsa ngati ndi iwo anatumiza uthenga uja kwa a Masuti, sanakane, ndipo sanasiye kusita. Anati foni yanga ndimaisiya paliponse, ndipo nambala yotsegulira ndi tsiku lobadwa la bambo, limene aliyense m'nyumba muno amalidziwa. Anamvera uthengawo, n'kuona kuti ndatsala pang'ono kuchita zimene iwo anachita. Iwonso anakwatiwa ndi mwamuna wa maloto, mayi akukana. Alamu aja ankajambula zithunzi zokongola n'kumapatsa anthu kuti dzina lawo limveke. Dzinalo linamveka, mpaka linawatengera kwa mkazi wina, achemwali n'kubwerera kuno ndi sutikesi yomwe anapita nayo.

Anati za nyimbo sankadziwa. Iwo ankangofuna kuti a Masuti alimbe mtima abwerenso kudzandifunsira. Atamva mawu anga pa sipika za m'misewu, nawonso thupi linawazizira.

"Koma sindikupepesa," anatero, akutembenuza malaya. "Udzandithokoza ukadzakula."

Ndinawakumbutsa kuti ndine wamkulu kale. Ndinawauza kuti akauze mayi ndi a Masuti zoona zake. Anaimika simbi n'kundiyang'ana koyamba. M'maso mwawo munali misozi, koma mawu anali ouma. Anati akaulula, mayi awathamangitsa m'nyumba chifukwa chowachititsa manyazi ku kwaya, ndipo alibe kwina kopita. Anandifunsa ngati ndikufuna zimenezo.

Ndinalowa m'chipindamo ndili wokonzeka kuwakalipira, koma ndinatuluka ndikuwamvera chisoni, ndikudzidanso chifukwa chowamvera chisonicho. Chimodzi chokha ndinali nacho m'manja: tsopano ndinkadziwa kumene uthenga unatulukira. Ndinamulembera Kachipewa kuti ndapeza zoona zake, ndikubwera. Uthengawo sunawerengedwe.

*

Dzuwa linali litapendeka pamene ndinafika kuseri kwa sitolo. Chitseko cha kachipinda chinali chotseka, kusonyeza kuti akujambula. Ndinadikira gitala atasiya kulira, n'kukankha.

Pa maikolofoni panaima mtsikana amene sindinamuonepo, wamtali, wa tsitsi lalifupi, mahedifoni ali kumutu. Papepala limene anagwira panali mawu a nyimbo yanga. Anandipatsa moni mwaulemu n'kuyang'ana Kachipewa.

Kachipewa anadzuka mofulumira n'kundikokera pakona. Anati ndisafulumire kuganiza zina. Mtsikanayo ndi mwana wa oyandikana nawo nyumba, amayimba bwino, ndipo ndi mayi ake a Kachipewa amene anamupezera. Anati waganiza njira. Ajambulanso nyimboyo ndi mawu a mtsikanayu, aiike pa chimbale m'malo mwa yakale, kenako atulutse kanema ya awiriwo akuyimba. Anthu akaona nkhope adzati mkazi wa nyimbo uja ndi ameneyu kuyambira kale. Nkhani ya a Masuti ndi mkazi wobisika idzafa yokha, ndipo dzina langa silidzatchulidwa paliponse.

"Ndikukuteteza," anatero.

"Pondichotsa mu nyimbo yanga?"

"Unafuna kuti dzina lako lisadziwike. Dzulo ndinakufunsa, sunayankhe."

Ndinafuna kumuuza kuti mayi adziwa kale, kuti kwaya yonse yadziwa, kuti palibenso chobisa. Ndinafunanso kufunsa kuti mu kanemayo adzayang'anana bwanji, popeza nyimboyo ndi ya anthu okondana. Zonse zinabwera pakhosi nthawi imodzi. Chimene chinatuluka n'chakuti uthenga uja anatumiza ndi achemwali.

Anandifunsa kawiri ngati ndikunena zoona. Nditamufotokozera za foni ndi nambala yotsegulira, mapewa ake anatsika ngati watula katundu. Anandigwira dzanja, mtsikana uja akunamizira kuwerenga pepala. Anati usiku wonse sanagone, ndipo mawu aja oti ndinawanena kawiri akufuna atawameza. Anati tikadandaule limodzi kwa eni tsamba, ndipo ngati mayi anga akufuna kumunyozanso, abwera adzanyozedwe ali pambali panga.

Kwa nthawi yoyamba chichokereni ku saluni, ndinapuma mpweya wonse.

"Koma wadziwa bwanji kuti ndi achemwali?" anafunsa.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze kumene ndinapita m'mawa. Chitseko chinatseguka.

Analowa mayi wachikulire wonenepa, atanyamula fulasiki ndi makapu m'kadengu. Nkhope yawo inali ya Kachipewa yeniyeni. Ine ndi iye tinagwirizana kale kuti adzandionetsa kwa mayi ake za kwathu zikadzatheka, choncho tinali tisanaonanepo. Kachipewa anandisiya dzanja.

Mayiwo anayamba ndi mtsikana uja. Anamufunsa ngati mwana wawo akumusamala bwino, n'kumuuza kuti amwe tiyi kuti pakhosi pafewe. Anamutchula kuti mpongozi, moseka, mtsikanayo n'kubisa nkhope kuseri kwa pepala. Kenako anatembenukira kwa ine. Anandipatsa moni, n'kuima, n'kundiyang'anitsitsa.

"Nkhope iyi ndaiona lero lomwe," anatero.

Anaika kadengu pansi n'kutulutsa foni m'chikwama. Anafufuza ndi chala chimodzi, foni ili patali ndi maso, mpaka anapeza. Anati chithunzicho chazungulira magulu onse a azimayi a pa foni kuyambira masana. Ananditembenuzira.

Ndinali ine, mu diresi lomwe ndinavalalo. Kumbuyo kwanga kunali mipando ya nsalu zoyera ndi maluwa. A Masuti anali atandigwira dzanja ndi manja awo awiri, atawerama pang'ono. Pamwamba pake wina analemba kuti mkazi wa nyimbo uja wapezeka, ndipo awiriwa ayamba kale kuona holo.

"Si inu awa? Zabwino zonse, mwana wanga. Mwapeza mwamuna waulemu." Anapereka foni kwa Kachipewa. "Taona, anzako akukwatira ndi nyimbo zako, iwe uli m'matiresi muno."

Kachipewa anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Anachikulitsa ndi zala mpaka pamene panali manja, kenako anayang'ana diresi langa.

"Ndi za lero m'mawa," ndinatero. "Ndimati ndikuuze."

Mayi ake anatiyang'ana tonse awiri, osamvetsa. Anafunsa mwana wawo ngati amandidziwa.

"Anayimbapo pano kamodzi, mayi," anayankha.

Anawabwezera foni, n'kukhala pa kompyuta chondifulatira. Anakonza kachipewa kake, n'kukodola mtsikana uja kuti abwerere pa maikolofoni.

"Tiyambirenso pamene mkazi amalowa," anatero.